Ukakhale nafe ku Lesotho Julaye akubwerayu

Mnzanga,

Muli bwanji kumeneko ndi alamu ndi ana? Ife kuno ku Joni tilipo, ntchito basi monga mwa masiku onse. Ndaona kuti pa voice note sindingamalize, ndiye ndangokhala pansi usiku uno ana atagona kuti ndikulembere bwinobwino, uwerenge mpaka kumapeto usanayankhe kuti ndalama palibe.

Ukukumbuka ndinakutumizira kavidiyo pa 10 Julaye 2023, tsiku lomwe kunagwa sinoo ku Johannesburg? Linali Lolemba m'mawa, ana ali pa holide, ndipo anthu ankati chigwereni mu 2012 sikunagwenso. Anyamata awiri aja anathamangira panja osavala ndi nsapato zomwe. Koma chitsiriza wanga uja anali ndi chifuwa, usiku wonse anachezera kutsokomola, ndiye ndinamukaniza kutuluka, anangoonera pawindo akulira. Ndinamuuza kuti dikira dzuwa lituluke kaye kutenthereko. Pomwe dzuwa limatuluka zonse zinali zitasungunuka, pansi pangotsala madzi. Mwana uja sanaiwale mpaka lero, chaka chilichonse kukangoyamba kuzizira amandifunsa kuti amayi, kodi chaka chino igwa? Ndipo ine zimandiwawa, mwina ndikanangomufunditsa bulangete n'kumutulutsa mphindi zisanu zokha. Ndiye ndaganiza kuti sindidikiranso zakumwamba, ndimutengera komwe iliko.

Malo ake ndi ku Lesotho, kumapiri a Maluti, pamalo otchedwa Afriski. Iwe, malowa ali pamtunda wopitirira mamita 3,000, kutanthauza kuti tikakhala titaima pamwamba kuposa Sapitwa wathu wa ku Mulanje amene ndi mamita 3,002, koma ife tafikapo pagalimoto, osakwera ndi miyendo! Nyengo yake ndi Juni mpaka Ogasiti. Chomwe chandikopa kwambiri n'choti ali ndi makina opopera madzi m'mwamba usiku kukazizira kwambiri, madziwo amagwa ali sinoo, ndiye ngakhale kumwamba kukane mwanayo akapezabe pogwira. Pali potsetsereka pa ana, amakhala pa kachinthu kapulasitiki n'kumatsika, safunika kudziwa za ski ayi.

Bambo a kunyumba poyamba ankalimbikira za Sani Pass, akuti kumeneko ndiye kotchuka, pamwamba pake pali bala yomwe amati ndi yokwera kuposa onse mu Africa muno. Ndawakanira. Kuti ukwere Sani uchokere mbali ya KwaZulu-Natal pamafunika 4x4, msewu wake wokhotakhota pamphepete pa phompho, ife kagalimoto kathu ukukadziwa. Ya ku Afriski ndi tala yokhayokha. Tidzanyamuka m'mamawa kulowera ku Free State, kudutsa Bethlehem, kukafika Fouriesburg, pamenepo boda ya Caledonspoort ili pafupi. Ukawoloka ndi Butha-Buthe, tithira mafuta odzadza pomwepo chifukwa kutsogoloko ndi mapiri okhaokha, kenako n'kuyamba kukwera Moteng Pass. Ndi ulendo wa maola asanu kapena kuposerapo ukakhala ndi ana oti aziima apa ndi apo.

Kugona tikagona kumunsi, Fouriesburg kapena Clarens, tipeze nyumba yoti tiziphika tokha, n'kukwera phiri m'mawa kubwerera dzuwa lisanalowe. Msewu uja madzulo umaundana, umaterera ngati sopo, sindikufuna kuti mdima ukatipeze pamwamba. Ndipo ndawauza bambo kuti zanyengo zikangonena kuti kukubwera sinoo wambiri, tidikira tsiku lina. Unamva zomwe zinachitika mu Sepitembala 2024 pa N3 cha ku Van Reenen, anthu anagona m'magalimoto usiku wonse msewu utatsekeka, ena ali ndi makanda, opanda chakudya opanda chofunda. Kukongola n'kokongola koma kumapha, ndiye m'buti mukhala mabulangete, madzi, mafulasiki awiri a tiyi, mandasi ndi mbatata yophika ngakhale tikungopita kukabwera tsiku lomwelo. Galimoto nayo ikaonedwe kaye, makamaka matayala ndi mankhwala aja othira mu radiator kuti madzi asaundane.

Usaganize kuti poti tinakulira ku Dedza ndiye kuzizira timakudziwa. Inenso ndinkatero. Kuja tinkapita kusukulu Juni mano akugogoda, udzu uli mbee ndi chisanu, tikumaotha manja pa chitini cha makala, koma masana kunkafunda. Uku usiku kumatsika pansi pa ziro, madzi a mu ndowa amasanduka mwala, ndipo mpweya pamwamba paja ndi wochepa moti ukangoyenda pang'ono umapuma wefuwefu ngati wathamanga. Ngakhale madzi amawira asanatenthe mokwanira, pa madigiri 90 kapena pamenepo, ndiye zophika nyemba kumeneko iwalako. Dzuwa nalonso likawala pa zoyerazo limabaya m'maso, ana afunika magalasi akuda.

Tsono apa ndi pomwe ndikukufuna iwe. Bwera, utenge ndi katsikana kako kaja. Tinalonjezana tili ku sekondale kuti tsiku lina tidzaona limodzi chipale chofewa chomwe tinkangochimva m'Baibulo ndi kuchiona pa makadi a Khirisimasi, ife tikudziwa matalala okha ogwetsa chimanga. Zaka zapita zingati, ine kuno iwe uko, timangoonana pa maliro. Basi ukwere pa Lilongwe pomwepo, idutsa ku Mozambique ndi ku Zimbabwe mpaka Beitbridge, ndikudziwa ndi yotopetsa makamaka podikira pa boda, koma ndidzakuchingamira ndekha ku Park Station ndipo udzapuma masiku awiri tisananyamuke. Iwe upeze ya basi yokha. Zogona, mafuta ndi chakudya zili kwa ine, ndalowa chipeleganyu ndi amayi anzanga a kutchalitchi ndipo ndapempha dala kuti ine ndidzalandire mwezi wa Meyi. Za kusintha ndalama usavutike, ku Lesotho randi imayenda, ndi yofanana mphamvu ndi loti yawo.

Chachikulu ndi mapasipoti. Lesotho ndi dziko palokha ngakhale lazunguliridwa ndi South Africa mbali zonse, ndiye tikutuluka n'kulowanso, aliyense mpaka mwana akhale ndi yake yosatha masiku. Poti alamu atsala, akulembere kalata yosainidwa yovomereza kuti ukuyenda ndi mwana, utengenso setifiketi yake yobadwira, ndi bwino kunyamula zambiri kusiyana n'kukabwezedwa pa boda mwana akuona phiri lili apo. Yamba pano, osadikira Juni.

Zovala upite pa kaunjika, nthawi yotentha majekete onenepa aja amatsika mtengo poti palibe owafuna. Usake jekete yosalowa madzi, zipewa zofika m'makutu, masokosi ambiri ndi magolovesi, awiriawiri ngati ungathe chifukwa ana akayamba kuumba timipira amanyowa msanga ndipo zala zimapweteka koopsa. Nsapato ngakhale majombo a mvula aja akwana bola masokosi awiri mkati. Ukapezako magolovesi ang'onoang'ono unditengereko a chitsiriza wanga, manja ake ndi ofanana ndi a wako. Ine ndikufuna tikagule bulangete la Basotho lija amafunda abusa a nkhosa okwera pa mahatchi, limodzi lako limodzi la amayi ku Dedza, uwatengere pobwerera.

Mwanayo sindinamuuze kanthu, ndikudikira yankho lako kaye kuti ndikamamuuza ndinene kuti anti akubweranso. Undiuze tsiku lomwe masukulu atsekere kumeneko tione ngati zikugwirizana ndi holide ya kuno, ndisungitse nyumba isanadzadze. Pobwera usaiwale usipa ndi ufa woyera pang'ono.

Moni kwa alamu ndi onse kumeneko.

Ndine mnzako wa ku Joni