Kalata kwa Mavuto: za ndege ija yomwe sinaulukepo

Zomba, 14 Juni

Wokondedwa Mavuto,

Phukusi lako lafika Lachiwiri, kabokosi kali bwinobwino. Ine ndi mwana wako Yamikani takhala pakhonde madzulo atatu tikumata tizidutswa tija, ndipo pano ndege yachidole ya Ta 183, jeti yankhondo ya Ajeremani yomwe inathera papepala, yaima pamwamba pa kabati. Nditaimaliza ndinakumbuka ndege zathu zamawaya, ndi momwe tinkakanganirana za mapiko mpaka dzuwa kulowa. Zikomo kwambiri, mnzanga.

Ndi yokongola, sindikana. Thupi lalifupi ngati mgolo, mphuno yoboola yolowetsera mpweya ku injini, mapiko opendekera kumbuyo madigiri 40, kenako mchira wautali uja wooneka ngati chilembo cha T. Anaijambula ndi Hans Multhopp, yemwe ankagwira ntchito pansi pa Kurt Tank ku kampani ya Focke-Wulf, ndipo anaipatsa dzina loti Huckebein, khwangwala watsoka wa m'nthano ina ya Chijeremani. Koma pa mawu omwe unalemba pakapepala, oti ndege zimenezi akanazipanga nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ikanatembenuka, pamenepo ndiye tasiyana, ndipo ndi zomwe zandigwiritsa cholembera.

Tiyambe ndi injini. Mu 1944 boma la Hitler, litapanikizika ndi mabomba a Amereka ndi Angelezi, linalamula makampani kuti apikisane kujambula ndege yankhondo ya jeti ya injini imodzi. Messerschmitt anabweretsa P.1101, Junkers EF 128, Blohm & Voss P.212, Focke-Wulf iyi yathuyi. Zonsezi zinkadalira injini ya Heinkel HeS 011, yomwe pofika kumapeto kwa nkhondo inali idakali yoyeserera, ndipo zomwe zinapangidwa sizinafike 20. Injini yomwe inalipodi, Jumo 004 ya mu Me 262, ndege ya jeti ya Messerschmitt yomwe inali kale pankhondo, inkatha itagwira ntchito maola 10 mpaka 25 basi, chifukwa dzikolo linalibe nickel ndi chromium wokwanira wopangira zitsulo zopirira moto. Mafuta nawo anali atauma kuyambira pomwe mafakitale ngati a ku Leuna anayamba kuphulitsidwa mu Meyi 1944. Me 262 anapanga pafupifupi 1,400, koma zambiri sizinamenyeko nkhondo. Ndiye ndege yatsopano ikanamwa chiyani, ndipo akanaiyendetsa ndani, poti akatswiri ambiri anali atafa kale?

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi nkhani ya Heinkel He 162, ndege ina ya jeti ya Ajeremani, chifukwa imeneyo anaithamangitsa kuichotsa papepala. Lamulo linatuluka mu Sepitembala 1944, pa 6 Disembala inauluka, pa 10 Disembala phiko lake lamatabwa linamatuka m'mwamba akuluakulu akuonerera, poti guluu wake anali woipa. Woyendetsa, Gotthold Peter, anafera pomwepo. Ta 183 nayo mapiko ake amati akhale amatabwa. Papepala guluu sasiya, injini siyaka moto, ndipo liwiro lomwe injiniya walemba palibe wolitsutsa. N'chifukwa chake zojambulazi zimaoneka zoposa ndege zomwe zinaulukadi.

Mwayi wake, tili ndi poonera, chifukwa nzeruzi zinayesedwa nkhondo itatha. Angelezi analanda maofesi a Focke-Wulf mu Epulo 1945, Ta 183 isanapangidwe ngakhale imodzi. Tank anapita ku Argentina mu 1947, ndipo ku Córdoba anapanga Pulqui II potengera maganizo omwewa. Kunali mtendere, kunalibe womuponyera bomba, anali ndi injini yabwino ya Rolls-Royce Nene, komabe ndegeyo inauluka mu 1950, inavuta kuiwongolera, inapha oyendetsa awiri, ndipo zinangopangidwa zisanu zoyesera. P.1101 Amereka anaipeza ku Oberammergau ili yosatha, anainyamula, ndipo kampani ya Bell inapanga X-5 potengera iyo. Inauluka mu 1951, nayo inali ndi khalidwe loipa lozungulira ngati namvuluvulu ikataya liwiro, ndipo mu 1953 imodzi inagwa n'kupha woyendetsa. Ngati anthu a ndalama ndi nthawi anavutika zaka zonsezo, amene anali ndi miyezi yochepa ndi dziko la mabwinja akanatani?

Usaganize kuti ndikunyoza mainjiniyawo. Nzeru ya mapiko opendekera kumbuyo, yomwe Adolf Busemann anaifotokoza ku Rome mu 1935, inali yoona, ndipo F-86 Sabre ya Amereka ya 1947 inapindula ndi kafukufuku wa Ajeremani. Multhopp mwiniyo anakagwira ntchito ku England, kenako ku kampani ya Martin ku America. Mutu anali nawo.

Koma pali funso lomwe Yamikani anandifunsa tikumata mchira: “Bambo, yeniyeniyo akanapanga ndani?” Ndinakhala kaye chete. Yankho lake si mainjiniya aja. Matupi a Me 262 ankapangidwa m'ngalande za pansi pa nthaka ku St. Georgen, m'dziko la Austria, ndi akaidi a ndende yozunzirako anthu ya Gusen. He 162 inkalumikizidwa mu mgodi wakale ku Hinterbrühl, pafupi ndi Vienna, ndi akaidi a ku Mauthausen. Anthu ankagwira ntchito ndi njala, akumenyedwa, ndipo ofooka ankaphedwa. Ta 183 ikanalowa m'fakitale, manja ake akanakhala omwewo. Ndinamuuza mwanayo zonsezi mosabisa, ndipo tichizindikiro ta Nazi tomata pamchira tinagwirizana kuti tisaike.

Iwe uli ku Munich, malo ena otere ali pakhomo pako. Ku Kaufering, pafupi ndi Landsberg, kunali misasa ya pansi pa ulamuliro wa ndende ya Dachau, komwe Ayuda zikwizikwi anafa akumanga chinyumba chakonkire chobisamo fakitale ya ndege. Ukapeza tsiku lopuma kuchipatalako, kwera sitima upiteko, undijambulire monga unachitira ndi Me 262 ija ya Deutsches Museum. Ndikufuna zithunzi ziwirizo zikhale pakabati pambali pa ndegeyi.

Kuno kwazizira, phiri laphimbidwa ndi nkhungu m'mawa uliwonse. Mlamu wako akupereka moni, ndipo akufunsa ngati ufa uja unakwanira. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako,
Dalitso