Kwa eni situdiyo amene munajambula ukwati wanga: ndipatseni zithunzi zanga

Bambo eni situdiyo, ndabwera poyera pano chifukwa foni yanga munasiya kuyankha, ndipo mauthenga a pa WhatsApp mumangowerenga n'kukhala duu. Dzina lanu sinditchula lero, mukudzidziwa nokha. Ndine mayi wa ku Dedza uja ndinamangitsa ukwati ku Lilongwe nyengo yozizira yapitayi, amene ndinakupatsani K485,000 yathunthu, osatsala ndi tambala yomwe.

Sabata yathayi, kaya linali Lachitatu kaya Lachinayi, ndinakuimbirani pa foni ya amuna anga poti nambala yanga mumaithawa. Munayankha msangamsanga. Mutazindikira mawu anga munati, "Mayi, bwerani Loweruka, zonse zatheka, alubamu ndi fulashi mukazipeza pa kauntala." Ine ndinakhulupirira. Loweruka ndi tsiku limene kaunjika amayenda, koma benchi langa sindinayale. Ndinalawirira kusanache, minibasi K9,000 mpaka ku depoti, njinga yamoto K2,000 mpaka pa khomo panu. Kubwerera chimodzimodzi. K22,000 inathera pa msewu, osawerengera malonda amene ndinataya tsikulo.

Nanga ndinapeza chiyani? Mtsikana wanu wa pa kauntala ali pa foni, akuseka. Ndinapereka moni, "Mwadzuka bwanji achemwali?" Anangokweza dzanja ngati akuimitsa mwana. Ndinaima nji, mpando osandipatsa, mpaka anamaliza macheza ake. Nditamuuza chimene ndadzera anati abwana kulibe, apita kukajambula ku Salima, ndipo za alubamu iye sakudziwapo kanthu. Ndinatulutsa lisiti. Sanaigwire n'komwe. Ndinamupempha kuti akuimbireni, anati alibe mayunitsi, pomwe anali atangotsitsa foni pakhutu. Kenako anandiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu n'kunena kuti, "Mayi, kodi mukuyesa ndinu nokha munakwatiwa m'Malawi muno? Ukwati unatha kale, mphete muli nayo, ndiye mukuvutikiranji?"

Anzanga amene mukuwerenga, tandiuzani, mawu amenewa n'ngouza munthu amene walipira ndalama zake? Mwanayo ndi msinkhu wa mng'ono wanga wachitatu. Pa benchi panali mnyamata ndi chibwenzi chake, abwera kudzapereka dipoziti, ndipo onse anangowerama ndi manyazi. Ine misozi inalengeza. Nditati ndidikira mpaka abwana abwere, anandiuza kuti akutseka 12 koloko, ngati sindikukhutira ndipite kulikonse kumene ndikufuna. Bambo, mawu amenewo anawaphunzira kwa ndani? Mwana wa ntchito satukwana kasitomala ngati akudziwa kuti abwana ake amukalipira.

Tiyeni tiwerengerane, mwina mwaiwala. Dipoziti K250,000 ndinatumiza pa Airtel Money, uthenga wake ulipo. K35,000 munaitanitsa kutatsala masiku awiri kuti ukwati uchitike, munati ya mafuta, chikhalirecho tchalitchi ndi holo zonse zili mu Lilongwe momwemo. K200,000 yotsalayo amuna anga anakupatsani pamanja m'mawa mwake ukwati utatha, ndalama za perekaniperekani, ma K500 ndi ma K1,000 opindikapindika amene abale athu anaponya m'lichero. Munawerenga nokha, n'kulemba lisiti. Inu munalonjeza ojambula awiri, vidiyo ya tsiku lonse, alubamu, zithunzi 300 pa fulashi ndi chithunzi chachikulu cha m'fulemu, zonse pasanathe masabata 4. Chimene ndili nacho mpaka lero ndi zithunzi 11 za pa WhatsApp, zonse zodindidwa dzina la situdiyo yanu pachifuwa panga. Chimodzi mwa izo munachiika pa tsamba lanu la Facebook kuti muzikopera anthu ena. Yosankha chithunzi chotsatsira malonda nthawi munaipeza, koma yondipatsa zanga ikusowa?

Chimene chikundidya mumtima n'chakuti ndine ndinakusankhani. A komiti ya ukwati anali atapeza mnyamata wa kutchalitchi kwathu amene ankafuna K180,000. Ndinakana. Ndinati ukwati n'kamodzi, ndikufuna katswiri. Ndinaona zithunzi za pa tsamba lanu, madiresi owala, nkhope zooneka bwino, mtima unagwa pomwepo. Ankhoswe anga, amalume, anandifunsa kuti, "Munthuyu wamuona ndi maso? Alipo amene anamujambula n'kulandira zinthu zake?" Sindinamvere. Sindinapemphe kuona alubamu yathunthu ya ukwati umodzi, sindinafunse kuti pa tsikulo abwere ndani, ndipo malonjezo onse aja anali a pakamwa ndi pa WhatsApp. Lero amalume sanena kanthu, koma ndikakumana nawo ndimasowa poyang'ana.

Pa tsikulo inuyo simunaoneke. Munatumiza mnyamata mmodzi ndi kamera imodzi, ndipo anafika ine nditalowa kale m'tchalitchi ndi bambo anga. Ku holo batire linamuthera perekaniperekani ali mkati, ankayendayenda kufunsa soketi. Sindinadandaule. Mwanayo anali waulemu ndipo thukuta linali kamukamu, anayesetsa. Ndinadziuza kuti bola zimene wajambulazo ndizilandire.

Tsopano mumve chifukwa chimene sindingakusiyeni. Agogo anga, mayi awo a amayi, anachokera ku Mayani kudzaona ukwati umenewu. Miyendo inali ikuwavuta, koma anati mdzukulu wanga sangakwatiwe ine kulibe. Tikutuluka m'tchalitchi anandigwira masaya ndi manja onse awiri, akulira ndi kuseka pamodzi, ndipo mnyamata wanu anajambula. Anandionetsa pa kagalasi ka kamera, ndinachiona ndi maso angawa. Patapita miyezi iwiri kapena kuposerapo pang'ono, agogo anatisiya. Usiku wa maliro ndinakuimbirani, ndinalemba uthenga kuti chonde nditumizireni chimodzi chokhacho, zina zonse zidikire. Munawerenga. Simunayankhe. Tinaika pamwamba pa bokosi chithunzi chokulitsa kuchokera pa chiphaso chawo cha unzika, pomwe chithunzi chawo chomaliza, atavala chilundu chatsopano, chili m'kompyuta mwanu. Ndiye mtsikana wanu akundifunsa kuti ndikuvutikiranji?

Zifukwa zanu ndazimva zonse. Poyamba munati magetsi. Kenako kompyuta yawonongeka. Kenako wosindikiza alubamu ali ku Blantyre ndipo sakuyankha. Mwezi wina uja munati muli pa maliro, ndipo ndinakupepesani ndi mtima wonse chifukwa ndikudziwa kuwawa kwake. Koma m'masiku omwewo tsamba lanu likungotulutsa zithunzi za maukwati atsopano, zinkhoswe ndi ma bridal shower. Kompyuta yake iti imene imagwira ntchito za ena n'kumafa ikafika pa zanga?

Ndikufunseni mosabisa: kodi zithunzi zanga zilipo? Ndafunsa ojambula ena, onse akuti wojambula weniweni akangofika kunyumba amakopera memory card malo awiri asanaifufute. Ngati mnyamata wanu anajambulirapo ukwati wina pa khadi lomwelo, nenani. Zindipweteka, koma ndidziwe, osati kundiyendetsa Dedza ndi Lilongwe ngati ndilibe chochita.

Chimene ndikufuna n'ichi. Pofika Lachisanu likubwerali, 12 koloko masana, zithunzi zonse ndi vidiyo zikhale zili m'manja mwanga, ngakhale zosakonza, bola ziyambe ndi cha agogo chija. Sindikweranso minibasi, mubweretse nokha ku Dedza kapena mutumize. Alubamu ndi fulemu mundiuze tsiku lake molemba. K22,000 ya ulendo wa Loweruka mubweze chifukwa ndinu munandiitana. Ngati zithunzi kulibe, ndiye K507,000 yonse ibwere pa nambala yomwe ija inakutumizirani dipoziti. Chithunzi changa muchichotse pa tsamba lanu lero lomwe, sindinakuloleni kutsatsira malonda nkhope yanga. Ndipo mtsikana uja andiimbire yekha, apepese.

Likadutsa Lachisanu, Lolemba ndikukasiya dandaulo ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, a bungwe lomenyera ufulu wa ogula la CAMA ndiwadziwitsanso, ndipo ndikupita ku bwalo la majisitireti. Lisiti ndili nayo, uthenga wa Airtel Money ndili nawo, ma voice note anu olonjeza onse ndinasunga, ndipo amalume ndi apampando a komiti ati adzaima ngati mboni. Tsiku lomwelo dzina la situdiyo yanu ndilitchula pano ndi m'magulu onse a pa WhatsApp ndi Facebook amene akwati amafunsiramo ojambula. Ambiri mwayamba kale kundifunsa ku inbox kuti ndi ndani. Pepani, dikirani pang'ono, ndawapatsa mpata womaliza. Amene zinakuchitikirani zonga izi, kaya munalandira bwanji zinthu zanu, ndilembereni mundithandize nzeru.

Inu achimwene ndi achemwali munali pa benchi Loweruka lija, ngati uthengawu wakupezani, musapereke ndalama yotsala musanalankhule nane.

Bambo, musandiuze kuti tikambirane kumbali, kumbaliko ndakhalako miyezi yonseyi. Yankhani pano pomwe. Amayi anga amandifunsa tsiku ndi tsiku za chithunzi cha amayi awo, ndipo ndatopa kuwauza kuti mawa.