Zipangizo zakale za chiwongolero: zina gulani, zina zisiyeni pomwepo

Akonzi,

Tiloleni tilankhuleko ndi eni mapikiapu akale, monga Hilux ya m'ma 1980, Datsun 720 ndi Nissan 1400, amene amasaka zipangizo za chiwongolero ku Ndirande ndi ku Biwi pa galimoto zophwasulidwa.

Bokosi la chiwongolero gulani lakale ndithu, poti latsopano silipezeka wamba. Koma liyeseni musanatulutse ndalama. Gwirani pitman arm (mkono wachitsulo wotuluka kunsi kwa bokosi) zolimba, mnzanu azipotokola shafti yolumikiza ku chiwongolero uku ndi uku. Shaftiyo ikamayenda mkonowo uli chiimire, kapena ikamakhakhala ngati muli mchenga, timipira tachitsulo ta m'kati tadyeka. Yang'ananinso sikuluwu ya pamwamba pa bokosi. Ngati yamira mpaka mazinga osaoneka pamwamba pa nati, anaimanga kale mpaka pothera, ndipo ogulitsa ena amachitira dala kuti bokosi limveke lolimba. Bokosi limadyeka kwambiri pakati, pamene galimoto imayendera molunjika. Likamangidwa chotere limagwira mukakhota, chiwongolero n'kukana kubwerera chokha potuluka pa kona. Oyilo akamanyowetsa kunsi, chimenecho si chifukwa cholisiyira: sinthani silo (mphira wotchinga oyilo kuti asatuluke), thirani oyilo wa giya wa 90 ngati si la power steering.

Popita nyamulani lanu lakufalo. Werengani mano a shafti, linganizani mabowo a mabawuti, chifukwa Hilux ya 4x2 ndi ya 4x4 sizibwerekana bokosi. Oitanitsa pa intaneti samalani: la ku America ndi la chiwongolero cha kumanzere, silingalowe. Funsani ku South Africa, komwe Nissan 1400 inkapangidwa mpaka 2008.

Ma tie rod end (mitu ya kunsonga kwa ndodo zokhotetsa matayala) ndi ma ball joint (mfundo zimene tayala limakhoterapo) akale asiyeni, olo awatsuke awale bwanji. Mphira wake ukang'ambika, fumbi limasakanikirana ndi girizi n'kudya mutu wa m'kati, ndipo tsiku lothothoka tayala limangotembenukira kwake. Pogula atsopano kumbukirani kuti pa ndodo zambiri mbali ina mazinga ndi a kumanja, ina a kumanzere. Nati yomangira mutuwo itsekeni ndi split pin (kapini kogawanika kotsekera nati), osati msomali.

Pitman arm kapena drag link (ndodo yolumikizidwa ku pitman arm) yowotcherera, kapena yowongoledwa ndi moto, musaiyandikire. Palani utoto watsopano muone chimene ukubisa. Pochotsa pitman arm pamafunika puller (chida chokokera). Hamala imaononga za m'kati mwa bokosi. Idler arm (mkono wochirikiza ndodo mbali inayo) yakale ilibe vuto bola muike mabushi atsopano.

Musanamange bokosi, tsukani chasisi pomwe limakhala, muone ngati sichinachite ming'alu mozungulira mabowo. Mukamaliza, matayala ali pansi, chiwongolero chisasewere kupitirira mamilimita 30 matayala asanayambe kusuntha. Kenako kachititseni alignment (kuwongola matayala) musanapite ku COF (kokayezetsa ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu).

Amakaniko a galimoto zakale,
Blantyre