Akuti ndinalosera ngozi ya alamu anga, pomwe ine ndinangochenjeza

Azakhali,

Ndikulemba usiku uno ana atagona. Bambo awo kulibe, akugona kwa amayi awo kuyambira pamene nkhaniyi inafika povuta. Ndithandizeni, mutu wanga waima.

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala m'boma la Angónia kuno ku Tete, cha kufupi ndi Ulongue, koma mudzi sindiutchula. Kwathu kwenikweni ndi ku Macanga. Kuno ndinabwera ndi ukwati, ndipo dzina lakuti "obwera" ndaitanidwa nalo mpaka kutopa.

Alamu anga, ang'ono awo a amuna anga, anagwa ndi njinga yamoto pa msewu wopita ku Calomue. Ali moyo, tikuthokoza Mulungu, koma mwendo unathyoka ndipo mutu sunabwerere mwakale, amaiwalaiwala. Banja lonse likuti ndine ndinachita zimenezi. Umboni wawo ndi mawu amene ndinalankhula pakhomo panga njingayo isanagwe. Ndinati, "Alamu, mukapitiriza kukwera njingayi mutamwa, tsiku lina idzakugwetsani." Basi. Apongozi akuti ndinamaliza ndi mawu akuti "muona". Ine mawu amenewo sindikuwakumbukira, ndipo ngakhale akanatuluka, ndani sanawanenepo atakwiya?

Kukwiya ndinakwiyadi, sindikana. Munthuyu ndinamupatsa matumba anga a mbatatesi kuti akandigulitsire kumalire, mbatatesi yolima ndekha kudimba, feteleza wogula ndekha. Anabwera ndi ndalama zoperewera, akuti mtengo unagwa, pomwe anzanga amene anagulitsa tsiku lomwelo anandiuza mtengo wina. Matumba opanda kanthuwo sanabweze, chingwe chomangira sanabweze, ndi beseni langa lalikulu limene akazi awo anabwereka pa chinkhoswe mpaka lero akuchapiramo ngati lawo. Palinso china chimene anandiyankhula tsiku lina amuna anga atapita ku Moatize, chimenecho sindingachilembe pano. Amuna anga sakuchidziwa.

Koma kodi kukwiya ndi ufiti?

Ankhoswe atakhala pansi, tsiku lonse linathera pa mawu. Ine ndinati ndinachenjeza. Amalume awo a amuna anga anati ayi, wochenjeza amakuitanira pambali, salankhula pagulu, ameneyu analosera. Apongozi anati si kulosera kokha, anatemberera. Ankhoswe a kwathu anayesa kundiikira kumbuyo, anati mwanayu anangopenekera, monga aliyense woona munthu woledzera atakweza matumba ndi anthu awiri panjinga imodzi. Amuna anga anangoti zii, maso pansi. Chimenecho ndiye chikundipweteka kuposa zonse. Zaka zonsezi tikudyera mbale imodzi, analephera kunena kuti mkazi wanga ndikumudziwa.

Azakhali, mawu akuti kulosera timawanena tsiku ndi tsiku popanda wina kudzidzimuka. Anyamata pamsika amalosera zigoli mpira usanayambe. Agogo akaona mango atabereka mopitirira amati chaka chino kuli njala, ndipo timangoti akuluakulu amadziwa. Pa wailesi amati a zanyengo alosera mvula yamphamvu. Mu Januwale 2022 a INAM, bungwe loona zanyengo kuno ku Mozambique, anachenjeza za namondwe Ana, madzi anabweradi mpaka kugwetsa mlatho wa pa Revúbuè, pakati pa mzinda wa Tete ndi Moatize. Alipo anati a zanyengo ndiwo anagwetsa mlathowo? Nanga bwanji mawu omwewo akafika pa ine akusanduka mlandu?

Ndipo zanyengo zomwezo akundinenera nazo. Chakumapeto kwa 2023 ndinamva pa wailesi za El Niño, kuti mvula idzavuta. Ndinawaletsa amuna anga kugulitsa chimanga cha m'nkhokwe, tinakangana, ndinaumirira. Mu Febuluwale 2024 dzuwa linawambadi, minda yambiri inafota. Apongozi omwewa anadya chimanga chimenecho, ankatuma ana ndi lichero pakhomo panga. Nthawi imeneyo ndinali mkazi wanzeru. Lero akuti, "Mwaona? Ndi chilala chomwe anachidziwiratu. Pakamwa pake mpoopsa." Amaiwala kuti wailesiyo inali kulira pakhonde aliyense akumva.

Kenako apongozi anawoloka malire kupita cha ku Dedza kukaombeza. Atabwerako anati ula wagwira munthu wamkazi, wa m'banja koma wosakhala wamagazi. Akazi okwatiwa pabanjapo tilipo angapo, koma maso onse anatembenukira kwa ine. Ine ndimadziwa kuti woombeza amafufuza chimene chachitika kale, kuti wadwalitsa munthu ndani. Koma uyu akuti anawonjezera za kutsogolo, anati wotsatira ndi mwamuna wake. Ndi chifukwa chake bambo a ana anga sakudyanso nsima yanga. Mwana wanga wamkulu anapita nayo kwa agogo ake, inabwerera osavundukula. Anandifunsa kuti, "Amayi, ababa akuopa chiyani?" Ndimuyankhe kuti chiyani mwana?

Pali china chimene sindinauze munthu. Nditasowa pogwira ndinapita mobisa kwa mneneri wina amene amapempherera anthu usiku. Ndinkafuna andiuze kuti banja langa libwerera. Iye anatseka maso nati akuona maliro pabanjapo chaka chisanathe, pokhapokha nditapereka chopereka choti aphwanye nacho zimenezo. Ndalama zimene anatchula ndilibe. Amuna anga atamva akhoza kunena kuti palibe kusiyana ndi kumene anapita amayi awo, ndipo nthawi zina usiku ndimadzifunsa ngati kulidi kusiyana. Kutchalitchi anatiphunzitsa kuti kunenera ndi kulankhula zimene Mulungu wakutuma, ndipo pa Deuteronomo 18 akuletsa kuombeza, komanso akuti mneneri akanena chinthu osachitika ndiye kuti sanatumidwe. Koma ine ndidikire maliro kuti ndidziwe ngati anatumidwa? Ndikawauza abale kuti asamale, wina n'kumwaliradi, ngakhale ndi malungo, andisiya wamoyo? Ndikakhala chete, chinthu n'kuchitika, ndidzadzikhululukira?

Tsopano ndikuopa pakamwa panga pomwe. Mwana akakwera mumtengo ndimalephera kunena kuti ugwa. Mnzanga anandifunsa ngati mvula ibwera madzulo, ndinangoti kaya, mitambo ili bii ndikuiona.

Ndiuzeni Azakhali, pakati pa kuchenjeza, kulosera ndi kutemberera malire ali pati, ndipo amaika malirewo ndani, wolankhula kapena womva? Ndikapepese kwa alamu chifukwa cha ukali wanga, kapena kupepesako adzakutenga ngati kuvomera ufiti? Nkhaniyi ndipite nayo kwa amfumu kapena kupolisi, poti kunamizira munthu ufiti kwaphetsa anthu? Ndiwauze amuna anga chimene ang'ono awo anandiyankhula, kapena adzati ndapeka pofuna kudziyeretsa? Achimwene anga akuti ndinyamule ana ndibwerere ku Macanga. Ndikapita adzati wathawa chifukwa ula unamugwira, komanso dimba langa ndisiyira yani? Amuna angawa ndimawakondabe. Ndiyambire pati kuti abwerere kunyumba?

Ine mwana wanu wosowa mtendere,
Mayi wa ku Angónia