Kavalo wokhudza mtengo akhoza kupambana ndithu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhe dandaulo limene anzanga akumudzi amakonda kunena tikapita kukaonera mipikisano ya akavalo kuno ku Texas, komwe ndimagwira ntchito yosamalira akavalo m'khola. Iwo amati oweruza amakondera, poti aona ndi maso awo kavalo wakhudza mtengo ndi chiboda koma n'kuposa mnzake amene sanakhudze kalikonse. Ine ndikuti palibe kukondera kulikonse.

Mpikisanowu amautcha trail. Malamulo a bungwe la American Quarter Horse Association, lomwe linayamba mu 1940 ndipo likulu lake lili ku Amarillo, amati pabwalo pasasowe zinthu zitatu: geti loti wokwera atsegule, adutse ndi kutseka ali pamsana pa kavalo, mitengo yogoneka pansi yosachepera inayi yoti kavalo aidutse pamwamba poyenda kapena pothamanga, ndi malo oyendamo chafutambuyo. Kawirikawiri amaikanso mlatho wamatabwa.

Aliyense amayamba ndi mapointi 70. Pa chopinga chilichonse woweruza amapereka kuyambira -1½ mpaka +1½ malinga ndi mmene kavalo wayendera, ndipo 0 ndiye kuti wachita zoyenera basi, popanda chogometsa. Zilango amazilemba pamzere wake wapadera. Kukhudza mtengo pang'ono ndi ½. Kuuponda kapena kuumenya zenizeni ndi 1, kugwetsa mtengo woimikidwa m'mwamba ndi 3, pomwe kavalo akakana chopinga kapena wokwera akataya geti m'manja, mapointi 5 apita. Akakana kachitatu, watuluka mu mpikisano.

Anzanga aja amangoona mzere wa zilangowo. Tiyerekeze akavalo awiri. Woyamba akuyenda mwamantha, wokwera wake wakoka zingwe mpaka khosi lauma, akuima paliponse ngati nkhalamba yowoloka mtsinje pa mtengo umodzi. Sanakhudze kanthu, inde, koma apeza ma 0 okhaokha, mwinanso -½ penapake, n'kumaliza ndi 70 kapena kucheperapo. Wachiwiri wafika pageti zingwe zili lende, makutu ali kutsogolo, waweramitsa mutu kuyang'ana mlatho n'kukwera yekha osakakamizidwa. Wapeza +1 pageti, +1 pamlatho, kenako chiboda chakumbuyo chakhudza mtengo. Ameneyu ali ndi 71½, ndipo kwa ine ndiye kavalo amene ndingamukwere kupita naye kutchire. Pajatu mpikisanowu umatsanzira zimene wokwera amakumana nazo kutchire, kumene pamafunika kavalo woganiza yekha poponda, osati wodikira kuuzidwa phazi lililonse.

Chimene sichindisangalatsa n'china. Okonza mabwalo ena amangodzaza mitengo yopaka penti mpaka kavalo amakhala ngati akuwerenga masamu, tchire lenileni osaoneka n'komwe. N'chifukwa chake ndimakonda mtundu wina umene amati ranch trail, momwe amagwiritsa ntchito zipika wamba ndipo wokwera amakoka chipika ndi chingwe monga amachitira pafamu.

Kumipikisano yambiri pepala la woweruza amalikhoma poyera zonse zikatha. Amene akuganiza kuti kavalo wake waberedwa apite akaliwerenge, chopinga ndi chopinga, asanayambe kunyoza woweruza poimika galimoto.

Ndine wowerenga wanu,
ku Texas, America