Chilengezo cha msonkhano wa Loweruka likudzali

Mamembala olemekezeka,

Komiti ikudziwitsa nonse kuti pa msonkhano wa Loweruka likudzali, mmodzi wa ife, mayi amene madokotala anawapeza ndi autism ali kale wamkulu, adzatifotokozera chimene chinawachititsa kusiya ntchito ya mu ofesi n'kuyamba bizinesi ya ziwiya za m'nyumba zopangidwa pamanja, monga mikeka ya mlaza, malichero a nsungwi, zipande ndi mithiko.

Phokoso la mu ofesi, magetsi owala kwambiri ndi mafoni olira mosalekeza zinkawatopetsa, moti pofika kunyumba sankatha ngakhale kucheza ndi ana awo. Koma akakhala pakhonde n'kumaluka, maso awo amaona msanga pamene mlaza wapotoka, ndipo kusamalitsa komweko, kumene anzawo ankakuyesa kuvuta, ndi kumene lero kukukopa makasitomala. Amalipira oluka a kumudzi tsiku lomwelo limene alandira katundu, osadikira kuti agulitse kaye, komanso sagula mitengo yodulidwa m'nkhalango zotetezedwa.

Tikupempha kuti mudzazimitse mafoni, ndipo mafunso mudzawalembe papepala, popeza mayiwa amayankha momasuka akawerenga kaye. Katundu wawo adzakhala patebulo la pakhomo kwa ofuna kugula.

Mlembi wa gulu