Kusereulana kwathu kusukulu sikunali kutiza

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhulepo pa nkhani imene yakhala ikundivuta mumtima chitsegulireni gulu la pa WhatsApp la ife amene tinaphunzira limodzi ku sekondale. Ambiri a ife tili ndi imvi tsopano, ena ndi agogo, koma tsiku limene tinapezana pagululo palibe amene anaitana mnzake ndi dzina la pa satifiketi. Aliyense anabwezeredwa dzina limene tinamupatsa m'kalasi, ndipo tinaseka mpaka usiku. Chimene chinandidandaulitsa n'chakuti anzanga ena, pokumbutsana zakalezo, anayamba kuika nthabwala zathu mumtanga umodzi ndi mchitidwe wotiza ana a Fomu 1, n'kumati zonsezo kunali kucheza chabe.

Ndinayamba Fomu 1 m'chaka cha 1986 pasukulu ina yogonera komweko ya anyamata okhaokha, ndipo ndinalemba JCE mu 1988 ndi MSCE mu 1990. Masiku amenewo kunalibe wailesi yakanema ya m'dziko muno, popeza inadzabwera mu 1999, ndipo wailesi inali MBC yokha, choncho zosangalatsa zathu tinkapanga tokha ndi pakamwa. Panali mnzathu wina amene tinkamutcha Muulutsi. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, iye ankaimirira ndi mbale yake ya nyemba, n'kukonza kukhosi, n'kuyamba kulengeza ndi mawu olemera ngati akuwerenga nkhani pa wailesi kuti anankafumbwe asanu ndi awiri apezeka atamira mumsuzi, ndipo mwambo wa maliro awo uchitika mbale ikatha. Nyembazo zinali zofumbwa ndithu, nsima ya mgaiwa inali yosapsa bwino, ndipo ena a ife tinali tisanachokepo pakhomo pa makolo chibadwire, koma tinkadya tikuseka mpaka misozi. Ndikhulupirira kuti kuseka kumeneko n'kumene kunathandiza ambiri kupirira moyo wa kuhositelo.

Nthabwala zimenezi sitinaziphunzire kusukulu, tinabwera nazo kuchokera kumidzi. Mwana wa kuno amakula akuona asuweni akunyogodolana popanda wokwiya, agogo aamuna akuitana mdzukulu wawo kuti mkazi wanga, ngakhalenso adzukulu a pamaliro akuseketsa anthu pakati pa chisoni. M'zonsezi muli lamulo limene aliyense amalidziwa ngakhale silinalembedwe: amene wasereulidwa ali ndi ufulu wobweza, ndipo akabweza mwaluso, woyambayo ndi amene amasekedwa koposa. Mnzathu wina wochokera ku Karonga ankavutika ndi Chichewa, ndipo ife a m'chigawo chapakati tinkamuyeserera kayankhulidwe kake tsiku ndi tsiku. Iye sankadandaula, ankangodikira phunziro la Chingerezi, ndipo wina wa ife akasokoneza "l" ndi "r" powerenga mokweza, madzulo ake kuhositelo ankabwereza chiganizo chonsecho ndi nkhope yosaseka mpaka wolakwitsayo atabisa mutu m'bulangete. Mawa lake awiriwo ankapezeka akugawana chigumu chimodzi.

Panalinso malire amene tinkawadziwa tokha popanda mphunzitsi wotiuza. Sitinkaseka mnzathu chifukwa chakuti wathamangitsidwa fizi, kapena chifukwa chakuti makolo ake abwera kudzamuona ali osavala nsapato, kapena chifukwa cha imfa ya kwawo. Za Ngwazi ndi chipani sitinkayerekeza n'komwe, pakuti aliyense ankadziwa kuti makoma ali ndi makutu. Ndimakumbukira bwino chaka cha 1989, pamene boma linalamula kuti aphunzitsi azikaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ndipo aphunzitsi athu ochokera kumpoto ananyamula katundu n'kuchoka. Kwa masabata angapo palibe amene anamuyeserera mnzathu wa ku Karonga uja, chifukwa tonse tinaona kuti nkhani ya komwe munthu akuchokera yasanduka bala, ndipo pabala sagwirapo mwamasewera. Iye mwini ndi amene anadzayambitsanso nthabwalazo atationa kuti tikumuchitira manyazi.

Kutiza kunali chinthu china kotheratu, ndipo ndikupempha anzanga a msinkhu wanga kuti asiye kukukometsera. Kunkachitika usiku magetsi atazimitsidwa, ndipo ochita ake anali akuluakulu a Fomu 2 mpaka Fomu 4 polimbana ndi kamwana kongofika kumene. Ankakadzutsa pakati pa usiku kuti kachape malaya a ena, kayeze kutalika kwa hositelo ndi kamtengo ka machesi, kapena kapereke shuga ndi chiponde chimene mayi ake anavutikira kumudzi. Kamwanako kakayesa kuyankha, kankalandira khofi. Pamenepa panalibe kubwezerana, panalibe kugawana chigumu mawa lake, ndipo oseka anali a mbali imodzi yokha. Amene amati kutiza kunkalimbitsa ana mtima ndi amene anapulumuka n'kudzatiza anzawo chaka chotsatira, ndiye n'chifukwa chake mchitidwewu unkapitirira chaka ndi chaka.

Ndalemba kalatayi chifukwa ndikumva kuti m'masukulu ena ogonera komweko mchitidwewu sunatheretu, ndipo ana athu akamatimva ife makolo tikuukamba moseka, amayesa kuti ndi mwambo woyenera kuusunga. Ndikupempha aphunzitsi aakulu ndi aphunzitsi oyang'anira ogonera kuti azilowa m'mahositelo usiku, makamaka m'masabata oyambirira a teremu yoyamba, ndipo asamadalire malipoti a mapulifeketi okha, popeza nthawi yathu ena mwa otiza anali mapulifeketi omwewo. Koma ndikuwapemphanso kuti asapondereze nthabwala za m'kalasi poganiza kuti phokoso lililonse la kuseka ndi kupanda mwambo, pakuti ana amene akusekana maso ndi maso masana sali pangozi ngati amene akulira mwakachetechete usiku.

M'kalasi mwathu munali mnyamata wina wamng'ono thupi, wanzeru kwambiri pa masamu, amene anatizidwa kwambiri mu teremu yoyamba ya 1986, ndipo atapita ku tchuthi cha Khirisimasi sanabwererenso. Ife anzake a Fomu 1 tinkaona zonse koma tinakhala chete chifukwa cha mantha, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Pamene tinkalemba mndandanda wa anthu oti alowe pagulu lathu la WhatsApp, tinamukumbukira, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anadziwa mudzi wa kwawo kapena kumene ali tsopano. Pa anyamata onse a m'kalasi mwathu, iye yekha ndi amene anachoka tisanamupatse dzina.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Zomba